Pansi pa Sitika ya Amalume

Munthu amene anandilakwira ndi amalume anga a Dalitso, alongo awo a agogo ako aakazi, omwe aja amabwera Loweruka ndi malalanje n'kukunyamula paphewa ngakhale bondo likuwavuta. Anandiphunzitsa kumata sitika ya mtengo pamalo pamene pankabisa chenjezo kwa ogula magemu. Ndinamata zaka zinayi osadziwa chimene ndikuphimba. Zitaululika, anaimirira pamaso pa anthu a kumpingo n'kunena kuti vuto ndine, chifukwa ndinathawa sukulu ndipo sindiwerenga. Ndayamba ndi zimenezi, Takondwa, kuti usadzazimve kwa ena zitapindika kale.

Anzanga amandiseka kuti ndinapuma pa ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Aseke. Lero ndimayendetsa vani yoperekera katundu, koma ntchito imene ndinaiphunzira ndi mtima wonse inali ija, ndipo pa ija ndinapumadi. Za ubwana wanga ku Lilongwe ndidzakuuza pakamwa. Pano ndilembe za shopu.

Chaka choyamba, Erdington

Ndinabwera kuno kudziko la azungu ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kutsatira amayi amene ankagwira ntchito ya unamwino. Sukulu ndinaisiya patangopita zaka zitatu. Mphunzitsi anandiuza kuti ndiwerenge mokweza, wina kumbuyo n'kuyamba kutengera mmene ndinkatchulira mawu, ndiye ndinamuponyera mpando. Unamuphonya n'kuswa windo. Anandiuza kuti ndikakhale kunyumba milungu iwiri, ine ndinakhaliratu. Zaka zitatu zinatha ndikungogona ndi kukangana ndi amayi, mpaka tsiku lina amalume analowa kuchipinda kwanga, anatsegula makatani n'kunena kuti, "Dzuka iwe. Mawa 8 koloko ndikupeze pakhomo pa shopu. Usambe."

Iwo anabwera kuno kudzaphunzira za makompyuta ku yunivesite, koma mapeto ake anatsegula kashopu pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa nkhuku zokazinga. Tinkagula magemu ndi makina ake kwa anthu amene atopa nawo, n'kuwatsuka, n'kuwagulitsanso. Amalume anandiphunzitsa kupukuta disiki kuyambira pakati kupita kunja, kutsegula kontirola, kachipangizo ka mabatani kosewerera gemu, ndi kasikuludiraiva kakang'ono ngati singano, kuchotsa nyenyeswa za mabisiketi pansi pa mabatani. Tsiku limene ndinakonza kontirola yanga yoyamba ndekha, anaitembenuza kangapo n'kunena kuti, "Manja akowa ndi anzeru kuposa pakamwa pako, Yami." Palibe munthu wamkulu amene anali atanenapo kuti chinthu china pa ine ndi chanzeru. Ndinapita kuchimbudzi kukatsegula mpopi kuti asandimve ndikulira.

Mtima wanga ankaudziwa. Kasitomala wina atandinena mawu onyansa, ndinayamba kuzungulira kauntala, amalume n'kundigwira lamba kumbuyo, uku akumumwetulira munthuyo n'kumufunsa ngati akufuna thumba. Sabata yoyamba yomweyo ndinamenyetsa kontirola pansi nditagonja pa gemu ya mpira, ndipo anandiletsa kusewera. "Wogulitsa mowa samwa," anatero. Kuyambira pamenepo magemu ndinkawadziwa kunja kwake kokha, mabokosi ndi mawaya. Nditamva anthu akudandaula za magemu odya ndalama mkati, ndinawafunsa amalume. Anati, "Amenewo ndi a pafoni aja, aulere. Ya m'bokosi ukagula wagula."

Tsopano za sitika. Yathu inali yaikulu, yachikasu, yokhala ndi mtengo ndi dzina la shopu. Amalume anali atadula kakatoni pa bokosi la tiyi, kokhala ndi kawindo pakati. Unkagoneka bokosi la gemu chafufumimba, n'kuika kakatoniko pakona ya m'munsi, nambala ya zaka izioneka, ndiye sitika inkalowa pakawindo, pambali penipeni pa nambalayo.

"Nambala iyi usadzaiphimbe," anandiuza. "Iyi ndi ya lamulo. Ukagulitsa gemu ya akuluakulu kwa mwana, tonse tili m'madzi."

"Nanga bwanji osamata kutsogolo ngati mashopu ena?"

"Kutsogolo ndi nkhope ya gemu. Iwe umamata munthu pepala pamphumi?"

Ndinaseka, ndinakhulupirira. Ndisakunamize, mwana wanga: pakawindo paja pankaoneka tizithunzi ting'onoting'ono ndi timawu, ndipo ndinkationa. Koma maso anga anali pa mzere, kuti sitika isapendame. Ndinkanyadira kuti mabokosi anga onse anali ngati asilikali pa shelufu. Ndinafika pomata nditatsinzina.

Chaka chachitatu, anthu atsopano

Kenako kunayamba kubwera anthu a kwathu ambiri, odzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ankatsika basi pafupi ndi shopu atavala mayunifolomu pansi pa majekete aakulu, maso ofiira ndi tulo. Wina atamva ndikutukwana waya m'Chichewa, mbiri inafala. Ankabwera kudzagula machaja, kudzakonzetsa mafoni, ena kudzangofunsa basi yopita ku Lozells. Kumpingo ankauzana kuti, "Pitani kwa Yami, sakuberani." Amalume anasangalala, anandipatsa makiyi a shopu ndi chipinda cha pamwamba pake. M'menemo ndi mmene tinayambira banja ndi amayi ako a Thoko, ndi poto mmodzi ndi fungo la nkhuku za aneba.

Mayi Esnart, mmodzi wa osamalira okalamba aja, anabwera m'mawa wina akuchokera ku shifiti. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mashelufu, manja ali m'matumba.

"Achimwene, ndamva mumayankhula Chichewa."

"Ndimayesa, mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndi abambo akunyumba. Anabwera kunditsatira. Kwathu ku Mponela anali aphunzitsi, mwana aliyense pamsewu ankawagwadira. Kuno mashifiti a ku warehouse yosungira katundu amawaitana mwa apo ndi apo. Masiku ena onse amangokhala pawindo kuwerenga mabasi. Ndikabwera ndimawapeza pomwe ndinawasiya." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Amakonda mpira. Ndati mwina kanthu koseweretsa kangawachotse maganizo."

Ndinawasankhira makina abwino amene ndinawakonza ndekha, ndi gemu ya mpira ya chaka chapitacho. Asanatulutse khadi la ku banki anagwira bokosilo n'kundiyang'ana.

"Mnzanga wa ku Zambia akuti ana ake anamudyera ndalama ndi zinthu zimenezi. Mulibe zolipiranso m'menemu?"

Ndinatembenuza bokosi ngati katswiri. Ndinaona nambala ya zaka, ndinaona sitika yathu ili chilili mowongoka. Ndinawayankha ndi mawu a amalume, ngati anga. "Amenewo ndi a pafoni, mayi. Ya m'bokosi mukagula mwagula."

"Mwanena inu, ndakhulupirira."

Sizinathere pomwepo. Kuti abambowo azitha kusewera ndi anthu ena pa intaneti, pankafunika khadi. Ndinawaikira ndekha m'makinamo, ndi zala zangazi, n'kuwanyamulira thumba mpaka pa siteji ya basi. Tsiku limenelo ndinakwera pamwamba n'kuuza amayi ako kuti ndachita chinthu chabwino.

Chaka chachinayi, nyengo yozizira

Amayi ako anali ndi pakati pa iwe, miyezi isanu ndi iwiri. Lachiwiri lina m'mawa, amalume atapita kukaoda katundu, munalowa bambo wochepa thupi atavala taye pansi pa jekete, atanyamula chinthu chokulunga m'thaulo.

"Ndinu a Yamikani? Ndine Mwale, mwamuna wa Esnart. Ndabweza katundu wanu. Sindikufuna kanthu, ndikungofuna achoke m'nyumba."

Ndinafunsa ngati makinawo awonongeka. Anati ayi, akugwira bwino kwambiri. Kenako anakhala pa kampando ka makasitomala n'kundifotokozera, pang'onopang'ono, ngati akufotokozera kalasi. Mkati mwa gemu muja munali sitolo. Unkagula kaphukusi osadziwa kuti muli wosewera wanji. Ukakatsegula, sikirini inkawala, nyimbo n'kulira, anthu n'kuomba m'manja, ndiye n'kutuluka wosewera. Nthawi zambiri wachabechabe. Koma mtima unkati wotsatirayo ndiye. Sankaona ndalama ikutuluka, ankangodina batani limodzi. Ndalama zimene zinapita zinali zimene ankasungira ulendo wa mwana wawo wamkazi, amene anatsala kwa agogo ake. Mayi Esnart atazindikira, anatenga chikwama n'kupita kukagona kwa mnzawo.

"Akulu a mpingo akuti ndi juga," anatero a Mwale. "Mwina akunena zoona. Ine sindinagwirepo makhadi a juga moyo wanga wonse. Koma ndikuuzeni, a Yamikani, chibwerereni m'dziko muno palibe chimene chinandiomberapo m'manja, kupatula chinthu ichi."

Ndinatenga bokosi la gemu ija kuti ndichite zimene tinkachita ndi katundu wobwezedwa, kuchotsa sitika yakale. Tinkagwiritsa ntchito chowumitsira tsitsi, kuti guluu afewe bokosi lisang'ambike. Ndinawomba mphepo yotentha, ndinakweza kona ndi chikhadabo, sitika n'kusendeka yonse bwinobwino. Pansi pake panali kachithunzi ka dzanja litagwira khadi la ku banki, ndi mzere wa mawu a Chingerezi m'munsi.

A Mwale anavala magalasi. Anawerenga, kenako anamasulira, chala chili pa mawuwo. "Akuti muli zogula mkati. Ndiponso akuti zina mwa izo n'zamwayi, sudziwa chimene upeze." Anavula magalasi aja. "Esnart akanaona ichi sakanagula. Mkazi uja amawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a mutu, mbali zonse ziwiri."

Ndinatsitsa mabokosi ena pa shelufu. Loyamba, dzanja ndi khadi. Lachiwiri linalibe. Lachitatu, dzanja ndi khadi. Lachinayi chimodzimodzi. Kakatoni kaja kanadulidwa ndi munthu amene ankadziwa chimene akufuna kuti chisaoneke. Mutu unatentha, ndinakunga chibakera kulunjika khoma, koma bambo aja anandigwira pamkono. Analibe mphamvu, anangogwira.

"Dzanja limenelo ndi la ntchito, mwana wanga. Batani ndinkadina ndi ine."

"Koma ndinawauza mayi kuti mulibe. Anandifunsa, ndinawauza kuti mulibe!"

"Munkadziwa?"

"Ayi."

"Ndiye tili awiri osadziwa. Mundichotsereko khadi la mkazi wanga m'makinamo."

Ndinalichotsa. Ndinawaonetsa kuti m'makinamo muli malo otsekera zogula ndi nambala yachinsinsi, amene ndinawapeza tsiku lomwelo nditafufuza, pamene ndikanawapeza chaka chapitacho ndikanafuna. Anagwedeza mutu, anathokoza, koma makinawo anawasiya. Anapinda thaulo lawo bwinobwino n'kutuluka.

Amalume atabwera masana ndinawaikira mabokosi aja pa kauntala. Sanadabwe n'komwe. Anati palibe lamulo limene aswa, la zaka analisunga, zinazi boma lenilenilo linasiyira makampani kuti adziyang'anire okha. Anati makolo akaona kadzanja kaja amabweza bokosi pa shelufu, ndiye magemu a mpira a chaka chatha amangounjikana, pamene mwini nyumba sadikira. Pomaliza analoza kudenga. "Uli ndi mkazi woyembekezera pamwambapa, Yami. Ganiza bwino."

Ndinaganiza. Ndipo ichi ndi chimene chimandichititsa manyazi kuposa mpando wa kusukulu uja: ndinatenga kakatoni n'kumatanso. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Tsopano ndinkakaona kadzanjako pakawindo, kakundiyang'ana, ine n'kukaphimba. Ndinkamva mapazi a amayi ako pamwamba, olemera, akuyenda kuchoka pabedi kupita pa sinki, ndiye ndinkamata.

Lamulungu lotsatira, Aston

Mpingo wathu unkabwereka holo ku Aston. Mapemphero akatha tinkamwa tiyi ndi mandasi, achinyamata n'kumasanja mipando. Tsiku limenelo mayi Esnart anapempha kuyankhula. Sanakuwe. Anati sakufuna kuti amuna awo azilozedwa chala okha, chifukwa mayiwo anafunsa m'shopu ya m'bale wathu ndipo anauzidwa kuti mulibe zolipira. Anati akunena kuti amayi ena asagwe m'dzenje lomwelo. Mkulu wa mpingo anatembenukira kwa amalume.

Amalume anaika kapu pansi, anakonza jekete. "Ndamva chisoni kwambiri, alongo. Chenjezo limakhalapo pa bokosi, makampani amalemba. Koma mwanayu tonse tikumudziwa. Sukulu anaisiyira panjira. Ndimamuuza daily kuti aziwerenga mabokosi asanagulitse, koma nanga munthu ungamukakamize zimene zinamukanika? Ndinamutenga pomumvera chisoni. Ndikonza."

Ena anaseka pang'ono. Amayi ena anati, "Ayi, zachisoni," akundiyang'ana ngati mwana wodwala. Ine ndinali nditanyamula mipando inayi. Ndinaona anthu amene anali pafupi nane akubwerera m'mbuyo mwakachetechete, wina akukoka mwana wake. Onse ankadziwa mbiri yanga, ndipo ankadikira. Pamenepo a Mwale anadzuka pakona pamene anakhala okha, anadutsa pakati pa anthu onse amene ankawanena za juga, anafika n'kugwira miyendo ya mipandoyo.

"Tithandizane, a Yamikani. Mipandoyi ndi yolemera."

Tinainyamula awiri mpaka kuchipinda chosungira. Kumeneko ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, iwo ataima pakhomo kuti wina asalowe. Titatuluka, mayi Esnart anali panja akudikira, atanyamula majekete awiri, lawo ndi la amuna awo.

Pa basi yobwerera ndinawauza amayi ako zonse, ngakhale za masiku anayi aja. Ndinawauzanso chimene ndinkafuna kuchita, ndi kuti tikachichita chipinda chatha, ntchito yatha, iwe uli pafupi kubadwa.

"Kwa apongozi kuli sofa," anatero. "Ine ndigona pabedi pawo, iwe pa sofa. Koma amalumewo usawakhudze, Yami. Ukawakhudza, zimene anena zija zikhala zoona."

Lolemba m'mawa

Ndinatsika 6 koloko, amayi ako akulongedza pamwamba. Ndinatsitsa mabokosi onse pa mashelufu, ndinalumikiza chowumitsira tsitsi, n'kuyamba. Kuwomba, kukweza kona, kusenda, kumata sitika yatsopano kutsogolo, pakona ya kumwamba. Chowumitsiracho chinkatentha n'kuzima, ine n'kudikira kuti chizizire. Ndikudikira ndinkawerenga kumbuyo kwa bokosi lililonse, liwu ndi liwu, mokweza, m'Chingerezi changa chomwe chija, popanda wonditengera. Ena anali ndi chenjezo la zachiwawa, ena la mawu otukwana, ambiri la dzanja ndi khadi. Zonsezo ndinali nditaziphimba ndi manja anga. Sindinang'ambe bokosi ngakhale limodzi. Ndinawabwezera pa mashelufu mowongoka monga kale.

Amalume analowa 9 koloko akukutumula ambulera. Anaima. Anayenda m'mbali mwa shelufu, anatenga bokosi limodzi, analitembenuza, analibwezera. Anatenga lina.

"Ukudziwa chimene wachita?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukuganiza kuti ndiwe woyera tsopano? Chakudya chimene wadya zaka zinayi chachokera kuti? Bedi limene ukugonalo?" Anabwezera bokosilo pa shelufu. "Dzulo ndikanatani? Ndikanavomera pamaso pa anthu onse aja, ndani akanalowanso muno? Iwe ndiwe mwana, anthu aiwala. Ine ndili ndi dzina."

"Inenso ndinali nalo, malume. Laling'ono. Munandipatsa ndinu."

Anakhala pa kampando ka makasitomala. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti tsitsi lawo layera m'mbali, ndi kuti jekete lawo linali lomwe lija ankavala tsiku limene ndinayamba ntchito. Anapukuta kumaso ndi dzanja.

"Ndinakutola palibe amene ankakufuna, Yami. Amayi ako ankalira pafoni. Ndinakutenga ngati mwana wanga."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkawawa. Manja anga ankafuna chinthu choti agwire n'kuponya. Ndinatulutsa makiyi a shopu ndi a chipinda, ndinawaika pa kauntala pang'onopang'ono kuti asalire, kenako manjawo ndinawaika m'matumba. Pa masitepe ndinamva amayi ako akutsika ndi chikwama, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Ndinawayang'ana amalume m'maso, chinthu chimene mwana wa mlongo sachita, ndipo ndinayankhula motsitsa kuposa mmene ndinayankhulirapo moyo wanga wonse.

"Munanditola, malume, ndipo mwana ali m'mimbamo ndidzamuuza kuti munanditola. Mudzabwere kudzamuona, khomo silidzatsekedwa. Koma dzulo munauza anthu kuti sindinawerenge chifukwa ndine mbuli. Kuwerenga ndimatha. Sindinawerenge chifukwa amene anandionetsa pomata munali inu."